Ulemu kwa Ng'ombe Yadongo

Pa ziweto zonse za ku Chileka mpaka ku Lirangwe, palibe yoposa ng'ombe yadongo. Mbusa wake amaiumba m'mphepete mwa mtsinje wa Lirangwe, uku mbuzi zimene anamutuma kudyetsa zikulowa m'dimba la eni. Linunda amaliika lalikulu dala. Ng'ombeyi siifuna madeya kapena dibi, alangizi a ziweto alibe nayo ntchito, ndipo siinadyepo mmera wa munthu kuti mwini wake akalipe chindapusa kwa amfumu. Akuba othyola makola usiku amangoidutsa. Nyanga ikathyoka, malovu pang'ono ndi chala, basi yachira.

Amayi okha ndiwo saipatsa ulemu. Akangoona matope pa yunifolomu, ng'ombe ija ulendo wa kudzala.

Amayiwo akanadziwa abale a ng'ombeyi! Ku Dolní Věstonice, m'dziko la Czech, akatswiri ofukula zakale anapeza chidole chadongo cha munthu wamkazi mu 1925, chili m'phulusa, chothyoka pawiri. Chili ndi zaka zoposa 25,000, ndipo lero amachisunga ngati mwana wa mfumu. Ku Schroda, kufupi ndi mtsinje wa Limpopo ku South Africa, Edwin Hanisch anafukula zidutswa zoposa 2,000 za zidole za anthu, ng'ombe ndi mbalame, zoumbidwa cha m'ma 900. Ambiri amati zinali zolangira achinyamata. Anamkungwi a kwathu kuno sangadabwe nazo, poti nawonso amaumba zilengo zophunzitsira anamwali, mwambo ukatha n'kuziphwanya.

Chimene chinapulumutsa zidole zambiri zakalezo ndi moto: dongo likapsa silisungunukanso. Apa ndiye ng'ombe ya ku Lirangwe ili ndi dandaulo lomveka. Njerwa, zopanda nyanga ngakhale mchira, zimalowa mu uvuni zikwizikwi, pomwe iyo imangoumitsidwa padzuwa, mvula yoyamba n'kuibweza kudambo.

Komatu amayi aja, ndi mkwiyo wawo womwewo, amaitumiza pamalo oyenera. Ku Isamu Pati, kufupi ndi Kalomo ku Zambia, Brian Fagan anakumba chulu chachikulu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Chuluchi chinali phulusa, mapale, mafupa ndi zinyalala za mudzi zounjikana kwa zaka mazanamazana, ndipo m'katimo munatuluka timang'ombe tadongo. Anthu a madigiri anagwada pansi, natipukuta ndi kaburashi, n'kutilemba manambala kamodzikamodzi.