Fodya wa Pamphuno ndi Mpweya wa m'Matayala

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Sankadziwa kuti mphepoyo idzagulitsidwa m'mbali mwa msewu, tayala lililonse mtengo wake.

Ku komboni ya Kabanana, kumpoto kwa Lusaka, eni ma Land Cruiser ndi ma Hilux akhala akudalira anyamata omata matayala. Mu 2024 chilala chinachepetsa madzi ku Kariba, ZESCO n'kumazimitsa magetsi maola 17 patsiku, ndipo makina opopera oyendera magetsi anangoti zii. Mwini galimoto wina anazindikira kuti mpweya wa kwa mnzake ndi fodya wapachala, n'kuganiza zomangirira kompuresa m'galimoto momwemo.

Nzeruyo si yachabe. Wopita ku Liuwa Plain, kuseri kwa Kalabo, amachita kuphwetsa dala matayala kuti aphwatalale pamchenga, galimoto isatitimire. Akabwerera pa tala ayenera kupopanso, apo ayi tayala limatentha mpaka kuphulika. M'chigwa chimenecho ndi kosavuta kukumana ndi nyumbu kusiyana ndi womata matayala.

Kuika kompuresayo ndiye kumafuna mutu. Kompuresa ya mavoti 12, monga za ARB ya ku Australia, imadya moto wambiri, choncho imafuna waya wonenepa wochokera ku batire, fyuzi pafupi ndi batirepo, ndiponso relay. Wolumikiza ndi kawaya ka wailesi amanunkhiza utsi tayala lisanadzuke. Popopa, injini izilira ndithu, chifukwa matayala okhuta pa galimoto ya batire lakufa amangothandiza okankha. Malo a kompuresa akhale okwera, kutali ndi fumbi ndi kutentha kwa injini. Woimangirira kunsi n'kukadutsa nayo ku Kanyama mu Januwale wagula pampu yamadzi pamtengo wa kompuresa.

Chimene akuluakulu aja sananene n'chakuti fodya wapamphuno amaonekera patali. Kompuresa ili ndi phokoso, ndipo komboni ili ndi makutu. Ikangolira Loweruka m'mawa, pageti pafika wa njinga yamakala, wa wilibala, ana a mpira wophwa, kenako alamu ndi Corolla yawo: "Bwana, pang'ono chabe." Kuwalipiritsa n'kosatheka, kuwakaniza n'kudzikonzera maliro opanda anthu.

Moti galimoto imene mwini uja anaikonzera mchenga wa ku Liuwa imatha chaka osatuluka mu Lusaka, koma njinga za mumsewu wonse wa kwawo matayala ali gwa.