Ulemu kwa a Chilolezo, eni ake a khonde lanu

Pa mwambo wolowa nyumba anthu amayamika zambiri. Amayamika Mulungu, amayamika mwana amene ali ku Joni chifukwa chotumiza ndalama ya malata, amayamika banki m'khonde, ndipo ngakhale mmisiri uja amene matumba awiri a simenti anasowera m'manja mwake amapatsidwa ntchafu ya nkhuku. Koma sindinaonepo munthu akuimirira, kukonza jekete, n'kunena kuti, "Abale, tiwombere m'manja chilolezo cha kukhonsolo." Kusayamika kumeneku kwafika pochititsa manyazi, ndiye ndati lero akuluwa ndiwapatse ulemu wawo.

Ndikuti "akuluwa" chifukwa si mwana. A Chilolezo ali ndi mbiri, ali ndi makolo. Kwa zaka zambiri ankadalira lamulo la Town and Country Planning Act la mu 1988, ndipo mphamvu zawo zinkathera m'madera okhawo amene boma lalengeza kuti ndi oyenera kumangidwa motsata mapulani. Mu 2016 aphungu anakhazikitsa malamulo atsopano a za malo, pakati pawo pali Physical Planning Act, ndipo dziko lonse la Malawi linalowa m'manja mwawo. Kuyambira ku Nsanje kukafika ku Chitipa. Ndi anthu angati amene anakwezedwapo pa ntchito motero osachita kampeni?

Udindo wawo ndi wa mwinimbumba. Sagula njerwa, satunga madzi, sakwera padenga, tsiku lothira konkire simuwaona. Koma ngati mawu awo sanamveke, chilichonse chimene mwachita n'chosachitika. Chipinda chiripo, mukugonamo, mvula sikulowa, koma pamaso pa lamulo mwagona panja.

Chimene ndimawakondera kwambiri n'chakuti sanyoza kanthu kakang'ono. Akuluakulu ena amafuna muwaitanire pa zinthu zooneka, monga nyumba yosanja kapena malo omwetsera mafuta. Awa ayi. Mukufuna kuwonjezera chipinda chimodzi chifukwa apongozi abwera kudzakhalitsa? Ali nanu. Mukufuna mpanda wa njerwa m'malo mwa wa udzu umene mbuzi za aneba zinadya? Ali nanu. Boyizi kota kuseri, kuti muzilandirako ka lendi pakutha pa mwezi? Galaja imene galimoto yake inagulitsidwa kalekale, ndipo mayi akunyumba akuti isanduke okala kapena saluni? Apo ndiye amachita kukhala tsonga, chifukwa kusintha ntchito ya nyumba nakonso n'chitukuko chofunika kupempha. Munthu wa udindo wotero kumatsika mpaka kudzafunsa za khonde la mamita awiri, kumeneko ndiye kudzichepetsa.

Ndipo amakuphunzitsani kudzidziwa. Funso lawo loyamba silikhala la njerwa, limakhala lakuti, "Malowa ndi anu?" Inu mumaseka. Mwakhalapo zaka makumi awiri, mango amene munadzala akubereka, mchombo wa mwana wanu woyamba unakwiriridwa pompo. Iwo amangoti, "Tione pepala." Pamenepo m'pamene mumazindikira kuti m'mizinda yathu eni malo ndi ambiri: pali Unduna wa za Malo, pali Malawi Housing Corporation, pali khonsolo, ndiye palinso amfumu, amene mapepala ena sawadziwa koma maliro akagwa aliyense amathamangira kwa iwo. Kalata imene muli nayo inalembedwa pa pepala lothothola m'kope, ili ndi chidindo cha amfumu chofiirira, mayina a mboni ziwiri zimene zonse zinatisiya, ndipo malire ake akuti "kuchokera pa mtengo wa mapeyala kukafika pa chulu". Mtengowo unadulidwa, chulucho anaumbira njerwa. Mukanamwalira osadziwa zonsezi pakanapanda a Chilolezo.

Kenako amafuna pulani. Osati ija mmisiri wanu amajambula pansi ndi chala cha kuphazi, akunena kuti "apa chitseko, apa windo, bwana musadandaule". Amafuna yojambulidwa ndi wodziwa ntchito, yosonyeza pamene puloti yathera, pamene msewu wadutsa, pamene madzi oipa azipita, makope angapo, kuphatikizapo ndalama yoti akatswiri aiunike. Ikalowa mu ofesi imayamba ulendo umene mwini wakenu simunayendepo. Aione a zomangamanga, aione a zaumoyo, aione oona za moto, ndipo ngati chipinda chanu chayandikira paipi ya madzi kapena mawaya a magetsi, eni zinthuzo nawonso anenepo. Pomaliza ikafike ku komiti yoona za mapulani, imene imakumana pa nthawi yake, osati pa nthawi yanu. Taganizani: anthu ophunzira, ena a madigiri awiri, kukhala mozungulira tebulo kukambirana za bafa lanu. Ulemu woterewu ena amaupeza atamwalira.

Apa tifike pa mphatso yawo yaikulu, imene ndi kudekha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma sanatiuze sukulu yophunzirira kudekhako. Sukuluyo ndi benchi ya pakhonde la ofesi. Pabenchipo pamakhala anthu a maenvelopu akhaki, aliyense atagwira yake pachifuwa, m'makona mwake mutada ndi thukuta. Amene wabwera koyamba mumamudziwa: amayang'ana wotchi, amaimirira chitseko chikatseguka. Amene wazolowera amabwera ndi chinangwa chophika m'jumbo, ndipo amadziwa kumasulira zizindikiro. Jekete ikakhala pampando ndiye kuti abwana alipo koma kulibe. Jekete ikasowa ndiye kuti kulibe koma mwina abwera. "Bwerani mawa" amamulandira ngati moni, naye n'kuyankha kuti, "Zikomo, mutsale bwino." Pabenchi pomwepo anthu apezana ubale, ena agulitsana njerwa, ena aphunzira kuti mchenga wa kudambo ndi wa pulasitala ndipo wa kumtsinje ndi wa konkire. Sindikudziwa mpingo umene umasonkhanitsa Mlomwe, Myao, Mngoni ndi Mtumbuka mwamtendere chotere.

Anthu osayamika amati kudikirako kumawonongetsa ndalama. Amakumbutsa za mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo ndalama imene munthu anasungira chipinda chathunthu inangokwana kufika pa windo. Amatinso simenti ukaisunga nthawi yaitali imauma m'thumba momwemo n'kusanduka mwala. Zoona. Koma onani mbali inayo. Munthu amene simenti yake yauma ali ndi mipando yolimba ya pabwalo imene mbala singanyamule. Ndipo apongozi aja, ataona kuti chipinda sichikutha, anabwerera kumudzi okha popanda wowathamangitsa. Mabanja angati apulumuka motere, palibe amene anawerenga.

Pali ntchito zimene zikanafa akuluwa akanapanda kukhalapo. Mnyamata wa fotokope pafupi ndi ofesi amadya chifukwa cha iwo. Pali wojambula mapulani wina amene ali ndi pulani imodzi yokha, yokongola ndithu, imene amangosintha dzina la mwini ndi nambala ya puloti, moti nyumba ya munthu wa kuphiri ndi ya munthu wa kudambo zimatuluka mapasa. Pali adobadoba, anthu a nsapato zopukutidwa bwino amene sagwira ntchito mu ofesimo koma amadziwa chitseko chilichonse, ndipo amakulonjerani ndi mawu akuti, "Bwana, zanu zija tingazithamangitse." Za fanta zimene amatchula sindilowamo, poti fantayo sindinaone munthu akumwa.

Nanga luso la amisiri athu, mukuganiza linachokera kuti? Pitani m'makwalala Lachisanu madzulo, maofesi atatseka. Muona ngolo ya njerwa ikulowa pageti mwakachetechete. Loweruka m'bandakucha faundeshoni yakumbidwa, dzuwa likamalowa khoma lafika pa windo, Lamulungu anthu akuimba kutchalitchi lintala ikuthiridwa, ndipo Lolemba m'mawa pali malata, makatani, ndi mwana akutsuka mano pakhomo ngati anabadwira momwemo. Ena amachita kupaka khomalo matope kuti lioneke lakale. Liwiro limeneli silikanabadwa popanda mantha, ndipo manthawo ndi mphatso ya a Chilolezo. Tchuthi cha Khirisimasi, pamene maofesi amatseka masiku angapo, chamangitsa zipinda zambiri kuposa ngongole za kubanki.

Amalimbitsanso chikondi cha pa chineba. Mneba amene sanakupatsenipo moni chiyambire chaka amayamba kukuganizirani mukangotsitsa mchenga. Amasuzumira pampanda, amawerenga mizere ya njerwa, amafunsa mwana wanu kuti, "Kodi adadi akumanga chiyani?" Posakhalitsa kubwera galimoto, kutsika anthu a mafayilo, kukusiyirani kalata yoti ntchito iime, mwinanso chizindikiro chofiira pakhoma. Utoto wofiirawu uli ndi mbiri yake. Ku Blantyre anthu amakumbukira nyenyezi yofiira imene inkapakidwa pa nyumba zoti zigwetsedwe kapena zikonzedwe kuyambira nthawi ya Kamuzu Banda, ndipo zina mwa nyumbazo zakhala ndi nyenyezi yawo zaka zambirimbiri, zikuchita malonda bwinobwino. Choncho khoma lanu likalandira utoto musalire. Lalowa m'gulu la nyumba zodziwika.

Pali mwambi wakuti safunsa anadya phula. A Chilolezo anauwongola mwambiwu. M'mizinda yathu anthu ochuluka amakhala m'malo amene sanayalidwe ndi wopima aliyense, ndipo kumeneko munthu amamanga m'mene mtima wake wafunira. Wosafunsayo akudya uchi, alenti akumulipira mwezi ndi mwezi. Phula likudyedwa ndi mphunzitsi wopuma pa ntchito amene anati, "Ine ndichite zinthu mwa dongosolo," n'kutenga envelopu yake kupita kukadziwonetsa. Ena amati kumeneku n'kukondera. Ine ndimati ndi ulemu: akuluwa savutitsa munthu amene sanawaitane.

Mzinda ngati Zomba ndi umene umaonetsa bwino kukula kwa ntchito yawo. Unali likulu la dziko mpaka 1975, unapatsidwa ulemu wa mzinda mu 2008, ndipo uli pakati pa phiri kumtunda ndi mtsinje wa Likangala kumunsi. Ophunzira a ku yunivesite akachuluka kuposa malo ogona a pasukulu amatsikira ku Chikanda, kumene eni nyumba anazindikira kalekale kuti chipinda chilichonse chowonjezera ndi munda wosafuna feteleza. Khitchini imasanduka chipinda, khola la nkhuku limalandira windo ndi loko. Pamalo otere funso lakuti "chimbudzi chili kuti, ndipo anthu angati azigwiritsa ntchito?" limaoneka ngati chipongwe kwa mwini nyumba. Kwa mwana wa eni amene azigona mmenemo si chipongwe.

Pamenepa ndiye pamandivuta, chifukwa ndinafuna kuwaseka akuluwa mpaka kumapeto, koma ali ndi khalidwe lina loipa: nthawi zina amakhala kuti akunena zoona. Akamati dzenje la chimbudzi litalikirane ndi chitsime cha aneba, timati akutivuta, mpaka kolera wa mu 2022 ndi 2023 atatenga anthu oposa 1,700. Akamati musagumule khoma ilo musanafunse injiniya, timati nyumba ndi yanga, koma khoma lina limakhala lanyamula denga lonse. Akamati m'mbali mwa phiri ndi m'mphepete mwa mtsinje simomanga, timati nanga tikakhale kuti, ndipo funso limenelo ndi loona, iwo alibe yankho lake. Koma mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kutsikira ku Chilobwe usiku, ndipo anthu anakwiririka ali m'tulo. Pepala loletsa kumanga malo otero linalipo. Linali mufayilo, fayilo ili mu kabati, ndipo puloti yovomerezeka imene munthu wogulitsa makala angaikwanitse panalibe. A Chilolezo sananene kuti "ndinakuuzani". Sanapezekenso pamaliro. Amadziwa kuletsa, kugawa malo ndi ntchito ya ena.

Tibwerere kwa mphunzitsi wathu uja, poti tsiku lake limafika. Amamuitana, amamupatsa pulani yake itadindidwa tsamba lililonse, iye n'kuipinda bwinobwino kukaisunga m'sutikesi pamodzi ndi setifiketi ya ukwati. Ndalama yomangira inatha kale, ina pa thiransipoti, ina inadyedwa ndi kugwa kwa kwacha, koma chilolezo ali nacho. Amayamba pang'onopang'ono, thumba limodzi la simenti pa mwezi, oyendera ntchito akubwera kudzaona ngati faundeshoni yafika pamene pulani inanena. Chaka chinacho chipinda chatha.

Ndipo a Chilolezo sataya munthu wawo. Popeza chipindacho tsopano chikudziwika ku ofesi, nyumbayo yakwera mtengo, ndipo msonkho wa khonsolo umawerengedwa potengera mtengo wa nyumba. Owerengera akadzadutsanso, kalata ya malipiro idzabwera yonenepa kuposa kale, dzina la mphunzitsiyo litalembedwa molondola, nambala ya puloti yosalakwika. Mneba wake wa boyizi kota zitatu zomangidwa pa Khirisimasi akadali m'kaundula ngati mwini nyumba ya zipinda ziwiri.