Kusamba ndi Maso pa Dziwe la Nkhalamba

Ulendo wa anthu a m'tauni wopita ku Dziwe la Nkhalamba umayambira pa WhatsApp, kudakali mwezi wathunthu, ndipo nkhani yoyamba kukambidwa ndi mtundu wa tisheti. Wina akati tivale yobiriwira kuti tifanane ndi chilengedwe, mnzake amati imeneyo ndi ya chipani. Yabuluu nayonso ndi ya chipani. Yachikasu chimodzimodzi, yofiira ndiye musayerekeze. Mapeto ake gulu limagwirizana pa yoyera, ndipo apa m'pamene mumadziwira kuti mwa onsewo palibe anakhalapo pansi pa dothi lofiira la ku Mulanje.

Kenako pamasankhidwa komiti, pakuti ife sitingapite ngakhale kokasamba popanda tcheyamani, mlembi ndi msungichuma. Olembetsa mayina amakhala oti n'kudzaza basi yaikulu. Olipira ndalama zonse n'kukwana mu Sienta imodzi, malo n'kutsalako. Koma tsikulo likafika amabwera odzaza minibasi ziwiri, aliyense ali ndi msuweni wake amene "wangofika dzulo kuchokera ku Lilongwe, sindikanamusiya yekha kunyumba."

Pangano ndi lakuti 6 koloko m'mawa onse akhale atafika pa filing'i siteshoni ku Limbe. Imakwana 8 koloko a Tcheya akulemba kuti "ndili pafupi," chonsecho akusita kumene kabudula. Akafika pamabuka mlandu wa njira. Abambo akufuna ya Midima, yodzera pa Nkando, poti ndi yachidule. Amayi akufuna ya ku Thyolo, ati aone minda ya tiyi, koma aliyense akudziwa kuti nkhani yagona pa kabichi ndi tomato wa pa Bvumbwe. Amapambana ndi amayi. Motero gulu lokakwera phiri limafika pa Chitakale dzuwa lili paliwombo, miyendo itapanikizana ndi matumba a ndiwo zamasamba, n'kukhotera msewu wa ku Phalombe kulowera ku Likhubula.

Pageti la a zankhalango pamakhala anyamata otsogolera alendo, onyamula katundu, ndi ena ogulitsa ndodo zosema. Apa ndi pamene a Bwana amaonetsa ubwana wawo. Munthu amene usiku wathawu anagulira tebulo lonse mowa osafunsa mtengo, lero waima padzuwa kunenerera ndi mnyamata woti amusenzere cooler box.

"Achimwene, mtengo umenewo ndi wa azungu. Tatiyang'anani bwino, ife ndi eni dziko."

"Bwana, bokosili kulemera kwake n'chimodzimodzi, kaya ndi la mzungu kaya ndi lanu."

"Nanga wotsogolera ndi wachiyani? Njira ili pafoni apa."

"Chabwino bwana. Foniyo ikakuuzani mwala woterera muzitiuzako nafenso."

Amalipira, mlomo uli gwa. Ndodozo ndiye amagula onse, akuzinunkhiza, akufunsa ngati ndi za mkungudza weniweni. Mtengo umenewu ndi wa fuko lathu, kwawo kwenikweni ndi phiri lino lokha padziko lonse, ndipo watsala pang'ono kutheratu chifukwa chodulidwa. Wofunsayo akudziwa zonsezi, analembapo pa Facebook ndi mtima wosweka. Akufuna ndodo ziwiri, inayo ya apongozi.

Kuchoka pagetipo kukafika padziwe ndi ulendo wa ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono kwa munthu woyenda bwino. Mphindi khumi zoyamba ndi chikondwerero chokhachokha. Sipika ikulira pachifuwa pa mnyamata wina, amayi akuimba za kwaya, a Bwana ali patsogolo kufotokoza kuti ali kusekondale ankathamanga mitunda italiitali mpaka kulandira chikho. Chitunda choyamba chikangoyamba, kwaya imatha yokha popanda woiletsa. Kumangomveka wefuwefu, ndi mawu a wina kumbuyo akufunsa amene watenga mankhwala a BP. Uja anagula nsapato zatsopano chifukwa cha ulendo uno wayamba kale kuyendera chidendene. Asisi wina akukwera ndi kachikwama ka m'manja ndi ambulera.

"Achimwene, kwatsala kutali bwanji?"

"Tafika kale, mayi. Ndi paseri pa mwala uwo."

Paseri pa mwala uwo pali mwala wina. Bodza limeneli ine sindilitsutsa. Atati anene zoona, theka la gulu likhoza kukhala pansi pomwepo n'kutsegula cooler box.

Ndiye kutsogoloko kumatulukira amayi atatu akutsika, aliyense mtolo wa nkhuni wautali kuposa mwini wake uli pamutu, patapata kumapazi, wina mwana ali kumbuyo. Akubwera chothamanga pang'ono, poti katundu wotere salola kuyenda mwachifatse, ndipo akucheza za maliro a mudzi wina ngati palibe chimene asenza. A m'tauni amapatuka, kukondwa kuti apeza chifukwa choimira.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Taswera bwino, kaya inu? Kodi kwagwanji kumtundaku?"

"Ayi, sikunagwe kanthu. Tikungoyenda."

"Kungoyenda basi?"

"Ee, kulimbitsa thupi."

Mayiyo amayang'ana mimba ya a Bwana, amayang'ana mnyamata wosenza cooler box uja, n'kuyankha mwaulemu wonse kuti, "Alimbadi mwanayu."

Asisi wa ambulera amapempha kuti amusenzetse mtolowo kamphindi, ajambulitse. Pamafunika amuna awiri kuukweza, khosi limalowa m'mapewa, chithunzi chimatengedwa iye akumwetulira ndi mano okhaokha. Ameneyu akapita kwawo pa Khirisimasi safika ngakhale pamjigo, amati msana. Pofuna kuwasangalatsa, wotsogolera amawauza za Porters Race, mpikisano wa chaka ndi chaka woyambira pa Likhubula pomwepa, kukwera mpaka ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikanso, mtunda woposa makilomita 20, umene opambana amaumaliza maola atatu asanakwane. A Bwana amayang'ana wotchi yawo yowerenga mapazi n'kunena kuti chaka chamawa alowa nawo, bola ntchito za ku ofesi zikachepa.

Dziwelo limayamba kumveka lisanaoneke. Mtsinje wa Likhubula umagwa pathanthwe uli mbee, n'kukhazikika pansi pa madzi akuda bii, oti miyala ya pansi imaoneka m'mbali mokha. Kamphepo kochokera pamathithi kamakuwaza kumaso udakali chapatali. Miyala ya m'mphepete ndi yosalala, ina yokutidwa ndi ndere. Madziwa amatsika kuchokera pamwamba pa phiri limene nsonga yake yaitali, Sapitwa, ndi mamita 3,002, ndipo ngakhale mu Okutobala, ku Chikwawa anthu akugona panja chifukwa cha kutentha, awa amaluma mpaka m'mafupa. Gulu lonse limakhala kaye duu, kukamwa kuli yasa. Ndi mphindi yokhayo paulendo wonse imene aliyense akuonadi chimene anabwerera. Kenako wina amafunsa kuti, "Ndani ali ndi foni yojambula bwino?"

Ntchito yeniyeni yayambika. Aliyense ayenera kukwera pamwala womwewo, kufulatira kamera, kutambasula manja. "Ayi, mimba yaoneka, jambulanso." "Udikire munthu uyo achoke kumbuyoko, zioneke ngati ndili ndekha." Pali mzere, pali olowerera, pali mkangano. Ena abalalika m'miyala, foni zili m'mwamba, kusaka netiweki kuti anzawo a ku ofesi adziwe lero lomwe kuti iwo athawa phokoso la m'tauni. Sipika ija yakwezedwa kuti ipose mathithi.

Nanga kusambako? Matawulo alipo, zovala zosambira zinagulidwa, zina zidakali ndi kapepala ka mtengo. Amayi amakhala pamwala n'kuviika mapazi okha, pakuti wigi ndi nsidze zinadya ndalama zambiri kuposa ulendo wonsewu. Abambo amavula malaya, kukokera mimba mkati, kulowa mpaka m'mawondo, n'kuima pomwepo manja atapinda pachifuwa, kukambirana za dola ndi mafuta a galimoto mano akugundana. Ndipo pagulu lililonse sipalephera kukhala mmodzi amene "anakulira kunyanja." Njira yonse wakhala akusimba za ku Nkhotakota, mmene ankasambira kukapeza asodzi pakati pa madzi. Wafika, wayang'ana pakuda paja, akuti madzi a mumtsinje ndi opepuka, sanyamula munthu. Komanso wangodya kumene.

Osamba enieni ndi ana a m'midzi yapafupi, amene amadumpha pamwala n'kuti chubwi, kukatulukira tsidya lina akuseka. A m'tauni amawaombera m'manja, kuwajambula, kenako kutembenukira kwa mwana wawo amene wayandikira madzi ndi chala chimodzi. "Iwe! Bwera kuno, udwala chimfine."

Wina akafunsa za mizimu, wotsogolera amasimba zimene akuluakulu amanena: kuti padziwe pano pankaoneka nkhalamba, kuti m'phirili munthu ukhoza kupeza chakudya chokonzedwa kale panjira, ndipo ukachipeza udye wekha osaitana mnzako. Lamulo lomalizali ife a m'tauni timalisunga kale popanda mizimu kutiuza. Mayi wina wa udindo kumpingo amati zonsezo ndi zachikunja, iwo saziopa ngakhale pang'ono. Akatero amatulutsa mapazi m'madzi, kusendera kumbuyo, n'kupempha kuti gulu lipempherenso, poti pemphero la ku Limbe lija linali lachangu.

Koma ulendo sungathe popanda a Bwana kuchitapo kanthu. Aona kuti atsikana a ku ofesi akuombera m'manja ana aja. Amapereka wotchi ndi makiyi kwa a Msungichuma, kupukusa mapewa, kulowa pang'onopang'ono. Madzi afika m'ntchafu, nkhope yasintha. Afika pamchombo, atulutsa mawu amene sanamvekepo pamsonkhano uliwonse wa ku ofesi. Phazi laponda ndere, ndipo dziko lonse limaona mapazi awiri m'mwamba. Wotsogolera, amene anavula kale malaya ataona a Bwana akupereka wotchi, amawagwira lamba wa kabudula n'kuwakokera kumtunda. Amatuluka ngati nkhuku yonyowa ndi mvula, akutsokomola, ndipo funso lawo loyamba ndi lakuti, "Alipo wajambula?" Onse amakana. Madzulo ake kanemayo amakhala atafika ku nthambi ya ku Mzuzu.

Mnyamata wosenza cooler box uja sanaseke nawo. Dziweli ndi lakuya ndipo lamizapo anthu, ena a iwo alendo obwera kudzasangalala ngati awa. Nthawi yonse imene ena akudya mpunga ndi nkhuku, iye maso ali kumitambo ya pamwamba pa Chambe, chifukwa mvula ikagwa kumtunda madzi amatha kubwera mwadzidzidzi ngakhale pansi pano kuli dzuwa. Anthu a kuno sanaiwale Malichi wa 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa miyala ndi matope kuchokera m'phirili n'kukokolola midzi ku Mulanje ndi ku Phalombe. Akanena kuti tiyeni tizipita, wina amayesa kutsutsa kuti tangofika kumene, ndalama zathu sizinathe ntchito. Pa ichi chokha mnyamatayo sanenerera. Amangosenza cooler box n'kuyamba kutsika, ndipo gulu lonse limatsatira, poti zakumwa zili momwemo.

Ponyamuka a Mlembi amachititsa kaye phunziro. Akuti mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo amtengo wapatali padziko lonse, koma vuto lathu Amalawi ndi kusasamala zinthu zathu. Akulankhula chomwecho, botolo lawo lili pakati pa miyala pamene analiika kuti lizizire, mbale zapulasitiki zili mbwee pathanthwe. Amatola ndi mng'ono wake wa wotsogolera, amene anabwera ndi thumba lake podziwa alendo ake.

Kumsewu kuli zinanazi, zotsekemera zoti madzi ake amayenderera mpaka m'chigongono. Apanso kunenerera mpaka mayi wogulitsa atawonjezera chimodzi cha basera kuti anthuwa achoke. Ndalama yowonjezera ya wosenza bokosi ija, imene a Bwana analonjeza ali chikhalire pamwala akunjenjemera, yasanduka, "Sindinayende ndi kashi, achimwene, ndipatseni nambala ndikutumizirani tikafika."

Lolemba ku ofesi onse akuyenda motsimphina, monyadira. Nkhani ikukula ola lililonse. M'mawa anafika padziwe, pofika nthawi ya tiyi anafika ku Chambe, masana a Bwana akuuza mlendo kuti Sapitwa anaiona pafupi kwambiri, kungoti anabwerera chifukwa chomvera chisoni amayi. Mesenjala wa pa ofesipo kwawo ndi ku Mulanje komweko, ndipo akumvetsera ali chilili, thireyi ya makapu ili m'manja.

"Kwanu kuja n'kokongola, iwe. Bwanji supitapita?"

"Thiransipoti, bwana."

"Uziyesetsa, kuyenda kumatsegula mutu. Tathamanga ukanditengere fayilo ija m'mwamba. Masitepe awa lero sindingawathe."