Malamulo a njinga yamoto kwa okhala ndi moyo wapadera

Pa Dwangwa pabuka akatswiri. Eni njinga zamoto za matayala atatu akuti zawo sizigwa. Eni za matayala awiri za Lifo ndi Boxer akuti ya matayala atatu ndi ngolo yomwe yangosowa ng'ombe. Onsewa amayendetsa ngati moyo wina adausunga kubanki, ndiye nawa malamulo oti awathandize kuugwiritsa ntchito msanga.

Lamulo loyamba: mukagula ya matayala atatu, mabuleki apatseni tchuthi. Mwalipira tayala lowonjezera, nanga mantha n'ngachiyaninso? Pakona thirani moto. Zoti njinga ya matayala awiri imapendekera mkati mwa kona, pomwe ya atatu siipendeka ndipo kulemera kwake kumakankhidwira kunja mpaka tayala lam'kati kunyamuka, ndi nkhani za kusukulu. Kampani ya BRP ya ku Canada itatulutsa Can-Am Spyder mu 2007 idaika matayala awiri kutsogolo, limodzi kumbuyo, n'kuwonjezera kompyuta yomwe imagwira mabuleki yokha ikaona kuti tayala likunyamuka. Yanuyo ili ndi tayala limodzi kutsogolo, matumba khumi a mpunga kumbuyo, ndi amayi atatu pamwamba pa matumbawo. Kompyuta yake ndi pemphero la amayiwo.

Lamulo lachiwiri: musazembe dzenje, lisankheni. Njinga ya matayala awiri imasiya mzere umodzi pansi, choncho kamphepete ka phula kotsala pakati pa maenje awiri kamaikwanira. Ya atatu imasiya mizere itatu. Mukapulumutsa lakutsogolo, lakumanja lalowa. Mukapulumutsa lakumanja, lakumanzere likulonjera. Pa msewu wa M5, makilomita opitirira 50 ochoka pa Dwangwa kukafika ku boma la Nkhotakota, mwayi wosankha umapezeka wambiri. Langizo langa n'lakuti lowetsani tayala la mbali yomwe kwakhala munthu amene ananenerera mtengo.

Lamulo lachitatu n'la inu achimwene a matayala awiri, musaseke. Munawaona alendo aja amadutsa pano pa njinga zikuluzikulu za BMW, ena akuchokera ku Cairo kupita ku Cape Town? Anthu owononga. Chinjinga chonsecho munthu mmodzi, akachulutsa awiri, atavala chisoti, magolovesi, majombo ndi jekete lochindikala kutentha konseku. Honda Gold Wing, yomwe idayamba kugulitsidwa mu 1975, masiku ano imalemera makilogalamu opitirira 350, koma mipando ndi iwiri basi. Inu awonetseni chitukuko. Mwana pathanki, bambo kumbuyo kwanu, mayi kumbuyo kwa bambo, khanda kumbuyo kwa mayi, dengu la usipa pakaliyala, nkhuku pachiwongolero. Tayala lakutsogolo likayamba kupepuka, dziwani kuti bizinesi yayenda.

Lamulo lachinayi: chisoti ndi katundu wodula, musachiwononge ndi thukuta. Chikolekeni pachiwongolero kuti chiziona njira. Chivalidwe pokhapokha mnzanu akakuthwanimirani nyali kuti kutsogolo kuli apolisi apamsewu, ndipo lamba wake asamangidwe, kuti mukagwa chidumphe chokha chipulumuke. Wokwera safunika chisoti. Ali ndi duku.

Malamulo ena ndi achidule. Magalasi oonera kumbuyo chotsani, zakumbuyo zidapita. Indiketa ndi chinsinsi cha banja, musaulule komwe mukukhotera. Laisensi ndi nambala ya njinga muzaganizira mukakolola. Nyali ikafa, foni ili ndi tochi. Petulo wam'chigubu sungani pansi pa bedi.

Lamulo lachisanu: chimphona chilichonse chipitirireni. Fakitale ya shuga idayamba kugaya nzimbe kuno mu 1979, ndipo nyengo yodula ikafika mathirakitala ndi malole odzaza amadzadza misewu. Woyendetsa wake sakuonani, ndipo ngakhale akuoneni sangaimitse matani onsewo pamtunda waufupi. Musadandaule. Imbani hutala kawiri, lowani mufumbi, mukaonana ndi minibasi yochokera ku Nkhata Bay maso ndi maso. Ngati muli pa ya matayala atatu n'kwabwinonso kwambiri, chifukwa m'lifupi mwake simulola kuthawira pambali.

Apa nthabwala zandithera. Kabaza ndiye amatengera mayi wodwala kuchipatala usiku, ndipo mtsinje wa Dwangwa utasefukira mu February 2024 n'kuwononga misewu, tonse tidaona kuti njinga yamoto imafika pomwe galimoto yalephera. Anyamatawa akudyetsa mabanja. Koma mafupa othyoka pa njinga akudzaza zipatala, kuyambira cha boma ku Nkhotakota mpaka cha mafupa cha LION ku Lilongwe, ndipo palibe dokotala amafunsa kuti matayala anali angati. Chimapha ndi liwiro, katundu wopyola muyeso, mowa ndi mutu wopanda chisoti. Ya atatu ndi yabwino ponyamula katundu pang'onopang'ono pamsewu wosalala. Ya awiri ndi yabwino m'tinjira ta m'minda ndi mumchenga wa kunyanja. Iliyonse mwa izi imafuna munthu wophunzira kuyendetsa, osati wophunzira Loweruka n'kuyamba kunyamula anthu Lolemba.

Lamulo lomaliza n'la inu okwera. Musamuuze wakabaza kuti achepetse liwiro, angakuyeseni amantha. Muuzeni kuti mwachedwa kumaliro ku Dwambazi ndipo mumuwonjezera kangachepe akathamanga. Akakupatsani chisoti kanani, nenani kuti chikununkha ndipo mwangoluka kumene tsitsi. Ngozi ikachitika, dandaulani mokweza kuti anyamata a masiku ano samva, kenaka mukatuluka m'chipatala mufunefune wina wothamanga kuposa uja, chifukwa ndi ndodo simungayende msanga.