Mlandu wa Gitala pa Khonde

Gitala yamagetsi ikafika ku Nkhotakota, isanalire n'komwe imayamba yazengedwa mlandu. Mwini wake akangotsika nayo basi yochokera ku Lilongwe, mbiri imakhala itafika kale kudoko, ndipo pofika madzulo khonde lake ladzaza ndi oweruza amene sanaitanidwe. Pamakhala a tcheyamani a kwaya, amene besi amaimba ndi pakhosi pokha. Pamakhala mkulu wopikula usipa, amene chilichonse amachiwerengera pa ndowa. Pamakhalanso tchona amene anakhalako ku Joni, ndipo poti anadutsapo pakhomo pa sitolo ya zoimbira mu Johannesburg, mawu ake ndiwo omaliza. Mwa onsewa palibe wotha kugwira kodi ngakhale imodzi, koma zimenezo sizisokoneza bwalo.

Umboni woyamba ndi kulemera. Gitala imayenda m'manjam'manja, aliyense kuinyamula, kuigwedeza pang'ono, maso ali kudenga, ngati akupima tambala wa pa Khirisimasi.

"Iii achimwene, iyi ndiye orijino. Zachaina zimapepuka."

Nzeru imeneyi ili ndi kumene inachokera. Gibson Les Paul, yomwe inatuluka mu 1952, imalemeradi makilogalamu 4 kapena kuposerapo, chifukwa thupi lake ndi la mahogany, mtengo wapachibale ndi mbawa yathuyi. Kungoti gitala ili pakhondeyi yalembedwa Fender, ndipo maonekedwe ake ndi a Stratocaster ya mu 1954, yomwe siitchuka ndi kulemera. Komanso thabwa lolemera silisowa ku China.

Akatero amapita kumutu, kumene kuli dzina. Apa tchona amavala magalasi ake a Ray-Ban, amene anagula pa Bwalo la Njobvu pamtengo wa mbale ya tchipisi, n'kuyamba kufufuza. Anamva pa YouTube kuti kachivundikiro ka pamutu pa Gibson yeniyeni kamamangidwa ndi timasikuluwu tiwiri, pomwe zabodza zambiri zimakhala ndi titatu. Izi n'zoona ndithu. Koma Stratocaster ilibe n'komwe kachivundikiro koteroko. Tchona amayang'anitsitsa malo opanda kanthuwo kwa nthawi, n'kugamula kuti, "Anachotsa pa boda. Amatero anthu aja."

Kuseri kwa mutuwo kuli chipsera, pamene panali kapepala konena dziko lomwe gitalayo inabadwira. Mwini wake anakapala ndi lumo basi itaima pa Salima. Bwalo lonse likuchiona chipseracho ndipo palibe wochitchula. Ulemu wa tauni yathu wagona pamenepa. A tcheyamani avala jezi ya Arsenal yomwe mfuti yake yapachifuwa inayamba kumatuka tsiku loyamba kuchapidwa. Wa usipa ali ndi nsapato za Adidas za mizere inayi. Wofuna kutchula chipsera cha mnzake ayambe wavula zake.

Nkhani ya mtengo ndiye ili ndi malamulo akeake. Kwa anzake pakhonde, mwini gitala amawirikiza kawiri, ndipo amanena motsitsa mawu kuti aliyense amve bwino. Kwa mayi a kunyumba amadula pakati: "Inu mayi, anangondipatsa uja mnzanga wa ku tauni, ine ndangomupepesa ya thiransipoti." Mayiwo amangoti "Chabwino bambo," uku akuvundula kondowole, chifukwa matumba a mpunga amene anasowa m'chipinda anawawerenga kalekale. Mtengo weniweni umadziwika ndi wogulitsa yekha. Stratocaster yopangidwa ku America imadutsa madola 1,000. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, amene ali ndi ndalama zotere kuno amagula injini ya boti, ndipo sindimuimba mlandu.

Ine pamlanduwu ndili mbali ya gitala. Eni maina aja nawonso amadzikopera okha: Fender inayamba kugulitsa magitala otsika mtengo m'dzina la Squier mu 1982, ndipo Gibson inagula Epiphone mu 1957, kampani yomwe lero imapanga ma Les Paul a anthu osauka. Mu 1977 eni a Gibson anakasuma kukhoti ku America chifukwa cha magitala a Ibanez a ku Japan omwe mutu wake unkafanana ndi wawo, koma lero magitala a ku Japan a nthawi imeneyo anthu amachita kuwasaka ndi ndalama zambiri. Gitala yotengera maonekedwe koma yolemba dzina lake ilibe chinyengo. Umbava uli pomata dzina la mwini. Mu November 2024 a kasitomu ku Los Angeles analanda magitala abodza a Gibson oposa 3,000, omwe akanakhala enieni akanakwana madola oposa 18 miliyoni. Ngati Amereka akugulitsidwa zoterezi pakhomo pawo, mphunzitsi wa ku Mwansambo timusekerenji?

Dzuwa litapendeka, wina amakumbukira kuti chinthuchi chimayenera kulira. Amatuma mwana kukaitana mnyamata wa lidi wa ku tchalitchi, amene nthawi yonseyi anali chapatali, atatsamira mango, chifukwa pabwalo la akulu mwana salankhula. Amalumikiza ku ampu ya kwaya, ndipo chisanamveke china chilichonse kumamveka kung'ung'uza.

"Mwamva? Feki!" atero a tcheyamani.

"Ayi madala, imeneyo ndi mphamvu," ayankha tchona.

Onse awiri aphonya. Timaginito tokoka mawu ta mtundu wa Stratocaster timakokanso phokoso la magetsi a m'nyumba, ndipo ya ku California yeniyeniyo imang'ung'uza chimodzimodzi. Mnyamata uja sanena kanthu. Amachuna, n'kuimba kanyimbo ka pa chopereka, a tcheyamani n'kuyamba kugwedeza phazi asanakumbukire kuti anagamula kale.

Woweruza wosalandira chiphuphu ndi nyanja. Kutentha kwa mu October kukadutsa, chinyontho cha dzinja chimalowa, nsambo zimachita dzimbiri, khosi la gitala limayamba kupindika, nsambozo n'kutalikirana ndi thabwa mpaka zala kutupa. Timakiyi tochunira timabwerera tokha nyimbo ili pakati. Ndiye kansambo kakang'ono kaja kamaduka Loweruka usiku, mawa lake kuli ukwati, ndipo kopeza kena kodalirika ndi ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 200. Apa tauni yonse imasanduka akatswiri. Alamu ake a mwini gitala, msodzi wa ku Chia, amabwera ndi nayiloni ya mbedza, yolimba yoti kampango sangadule. Amaimanga bwinobwino, koma mu sipika simutuluka kanthu, chifukwa maginito sakoka nayiloni. Alamu amakhumudwa, n'kunena kuti gitala ya orijino ikanalira. Chimene chimapulumutsa ukwati ndi kawaya kosomola ku buleki ya njinga ya kabaza, komwe anyamata a mabanjo a zitini akhala akudalira kuyambira kale.

Lolemba gitala imapita kwa bambo wokonza mawailesi kumsika. Iyeyu safunsa kuti inachokera kuti. Amabwereka kasipanala ka aleni kwa wokonza njinga, kupotokola pang'ono chitsulo cha m'kati mwa khosi, kupala timazitsulo tocheka zala, kuwotcherera waya wa pajaki amene ku fakitale anangomunamiza. Pa ndalama yosakwana ndowa ya usipa, gitala ija imayamba kulira bwino kuposa tsiku limene inafika. Pakhonde paja bamboyu saitanidwa, poti sanapiteko ku Joni. Chonsecho Leo Fender mwini wakeyo anali wokonza mawailesi ku Fullerton, ndipo gitala sankatha kuimba.

Sukulu zikamatsegulira, fizi imafunika, ndipo gitala imalowa pamsika. Wogula ndi tchona yemwe uja. Amavalanso magalasi ake, n'kutembenuza mutu wa gitala, ndipo lero chipsera chija amachiona msangamsanga.

"Achimwene, tisanamizane. Ichi n'chachaina. Ine ndingokuthandizani chifukwa cha ana."

A tcheyamani amavomereza kuti iwo ananena kale. Wa usipa amainyamulanso n'kupeza kuti yapepuka. Mtengo umagwa mpaka kufika pa uja anauzidwa mayi a kunyumba. M'mawa mwake tchona ali pa siteji, akukwera minibasi ya ku Dwangwa kukaonetsa abale ake, ndipo akukalipira kondakitala amene wafuna kusanjikapo thumba la chinangwa: "Iwe, samala! Ukudziwa mtengo wake? Imeneyo ndi ya ku America."