Malangizo kwa abwana atsopano: kusunga wantchito zaka khumi osamulemba ntchito

 Mwatsegula golosale ndi kabala ku Bulangililo, kapena mwapata kontirakiti yokumba ngalande pamgodi wina kuno ku Kopala, ndipo pageti anyamata ofuna ntchito ali mbwee. Vuto n'lakuti anthuwa ali ndi khalidwe loipa loyembekezera malipiro mwezi ukatha. Boma nalo linasokoneza zinthu mu 2019 pokhazikitsa lamulo la Employment Code Act, lomwe limalankhula ngati wantchito ndi munthu. Musataye mtima, njira zilipo.

Choyamba, danani ndi pepala. Lamulo limati ntchito ya miyezi 6 kapena kupitirira ikhale ndi pangano lolembedwa. Wina akatchula zosainirana, gwirani pamtima n'kumufunsa modandaula kuti, "Mphwanga, kodi sundikhulupirira?" Muuzeni kuti pano tonse ndi banja limodzi. Ubwino wa banja ndi wakuti mwana safunsa bambo ake za ovataimu.

Chachiwiri, aliyense akhale waganyu. N'zoona kuti kuyambira mu 2015 n'koletsedwa m'Zambia kulemba munthu ngati waganyu pantchito yokhazikika, koma yokhazikika ndi iti? Mlonda amene wagona pageti panu kuyambira nthawi ya a Sata akungothandizira usiku umodziumodzi. Mwezi wachisanu ukamatha muuzeni kuti ntchito yatha, ndipo abwerenso Lolemba ngati mlendo. Ngati ndi wophunzira, muikeni pa nthawi yoyesedwa. Lamulo limapereka miyezi 3, yowonjezera kamodzi ndi ina 3, koma mtima wa munthu sudziwika msanga. Muyeseni mpaka imvi.

Chachitatu, phunzirani masamu ochotsera. Mu Januwale 2024 malipiro otsikitsitsa a wantchito wam'nyumba anaikidwa pa K1,300 pamwezi. Yambirani pamenepo n'kumatsika: tiyi amene anamwa, kapu yomwe inasweka ali patchuthi, sopo amene anasambira m'manja asanakuphikireni. Ikatsala K600, mupatseni mowerenga pang'onopang'ono kuti ioneke yambiri. Za maola 48 pamlungu, ndi zoti opitirira pamenepo amalipidwa kamodzi ndi theka, pomwe tsiku la tchuthi ndi kawiri, mankhwala ake n'kuchotsa batire mu wotchi yapakhoma.

Chachinayi, lemekezani NAPSA, bungwe la penshoni. Mwezi uliwonse dulani 5 peresenti pamalipiro ake, ndi 1 peresenti ya inshuwaransi ya zaumoyo ya NHIMA, monga malamulo anenera. Apa khalani wokhulupirika, osaphonya mwezi. Kutumiza ndalamazo, pamodzi ndi gawo lanu lofanana nazo, ndi nkhani ina. Njira yopita kuofesi n'njodzaza maminibasi, ndipo m'thumba mwanu zimasungika bwino. Ingosamalani ndi mafoni. Chiyambireni 2023, pomwe boma linalola anthu kutapako 20 peresenti ya zomwe anasonkha, ngakhale wotsuka mbale anaphunzira kufunsa kuti dzina lake lili ndi zingati.

Chachisanu, chenjerani ndi amayi. Dziko lino limapatsa mayi aliyense wapantchito tsiku limodzi pamwezi, lotchedwa Mother's Day, popanda kalata ya dokotala kapena kufotokoza chifukwa. Inu funsani chifukwacho mokweza, makasitomala ali pomwepo, ndipo mwezi wamawa sadzapemphanso. Akakhala ndi pakati, lamulo limamupatsa milungu 14. Musamuchotse chifukwa cha mimba, n'koletsedwa. Ingozindikirani mwadzidzidzi kuti chiyambireni sadziwa kuwerenga chenji. Bambo wofuna masiku ake 5 oti akaone khanda mufunseni ngati ndiye woyamwitsa.

Chachisanu ndi chimodzi, dziwani nthawi yokwiya. Wa kontirakiti yopitirira miyezi 12 amayenera kulandira gratuity yosachepera 25 peresenti ya malipiro ake oyambira kontirakiti ikatha, ndipo wochotsedwa chifukwa ntchito yachepa amalandira malipiro a miyezi iwiri pa chaka chilichonse chomwe wagwira. Ndalama zimenezi zimapweteka mtima wa bizinesi. Choncho kukatsala mwezi umodzi, pasowe sipanala. Lamulo limafuna chifukwa chomveka ndiponso kuti mumve mbali yake, ndiye mumvereni muli pafoni, galimoto italira kale.

Chachisanu ndi chiwiri, musalole kuti ayende awiriawiri. Tauni ino ya Kitwe ili ndi mbiri yoipa. Mu 1935 anthu a m'migodi ananyanyala ntchito chifukwa cha msonkho, mu 1940 ananyanyalanso ku Nkana mpaka asilikali anaombera, ndipo mu 1949 anapanga yuniyoni yotsogoleredwa ndi Lawrence Katilungu. Mukatuma mnyamata m'tauni, muuzeni adzere kumsika wa Chisokone, asadutse pafupi ndi likulu la yuniyoni la Katilungu House, angamve zinthu. Wina akang'ung'udza, mulozereni pageti pomwe pali anzake khumi okonzeka kugwira ntchito yake pa theka la mtengo. Pa malangizo onsewa, ili lokha ndi lomwe silinalepherepo, chifukwa njala siwerenga malamulo.

Tsono tsiku lina kudzafika kalata yochokera kwa ofisala wa zantchito, kapena samani ya khoti loona milandu ya pantchito ku Ndola. Kumeneko adzakufunsani kaundula wa pangano lija, ndipo ngati mulibe, mawu a wantchito ndi amene amayamba kumveka. Musadandaule, walira mvula walira matope. Ndalama zonse mwasunga zija pitani nazo, muwonjezerepo za loya.

Nyuzi ino mukatha kuwerenga muitenthe. Ikagwa m'manja mwa mlonda uja, ayamba kulemba m'kabuku tsiku lomwe anayamba ntchito, maola amene wagwira ndi ndalama iliyonse yomwe mwamupatsa, ndipo munthu wa kabuku sachedwa kupeza anzake.