Tsiku limene ndinafuna kukongoza boma

Nditagulitsa soya ndinayamba kuyenda pa boma la Lundazi ngati Castle Hotel ndi ya malume anga. M'thumba munali K1,400, m'mutu munali mamiliyoni.

Aphunzitsi ena opuma, omwe timamwa nawo tiyi kumsika, anandinong'oneza kuti ochenjera sakwirira ndalama m'chitini, amakongoza boma. Bank of Zambia imagulitsa ma treasury bill a masiku 91, 182, 273 kapena 364, ndipo tsiku likakwana imabweza ndi kaphindu pamwamba. Ine kukongoza boma! Ine amene dzina langa lili m'buku la pagolosale chifukwa cha mchere!

"Koma pali malire," anatero. Wamng'ono amayambira pa K1,000 ndipo amalandira mtengo umene watuluka. Kuyambira K500,000 ndi bwalo la akuluakulu, mabanki ndi a penshoni, otchula okha mtengo.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. K500,000 ija inandiwawa. Amphawife atitsekeranji kumwamba?

Kutacha ndinakadandaulira amayi a kunyumba, omwe ndi msungichuma wa banki ya m'mudzi. Anapitiriza kusenda mtedza.

"Bambo, nafenso tili ndi malire. Pamsonkhano munthu amagula sheya imodzi mpaka masheya asanu, basi. Tikalola wa thumba lalikulu kugula makumi awiri, pogawana bokosi lonse ndi lake, ndipo tsiku limene angakwiye gulu lafa."

Kenako anandifunsa ngati kubwalo la mfumu. Ndalamayo ituluka liti? Msonkho adula zingati? Nanga aja a unit trust amene ndinkawatamanda sabata yatha, ndinaona kuti Securities and Exchange Commission inawapatsa chilolezo? Ndipo feteleza wa mu Novembala ndigula ndi chiyani ngati ndalama yagona masiku 364?

Ndinatsokomola.

"Tulutsani tiwerenge."

Apa mpamene nkhani inaipa. Wa golosale anali atatenga zake, njinga inadya tayala, aphunzitsi aja tiyi sankamwa wopanda sikono, komanso panali kamadzulo kena kokondwerera chuma chobwera. Pamphasa panagwa K620. Ndinachezera kulira denga, chikhalirecho ngakhale pakhomo sindinafike.

Tsopano ndine mwini masheya awiri m'bokosi la amayi. Pamsonkhano woyamba ndinachedwa, anandilipiritsa K5. Ndinayang'ana msungichuma ndi maso a chikondi. Iwo anangotambasula dzanja.